Malegeni a alamu anga ndi chingwe cha dishi

Lamulungu lapitali ndinali ku Sinda kwa alongo anga, amake Tiyanjane. Mwana wawoyo amaimba kwaya ku Lusaka, ndipo tsikulo kwayayo imaoneka pa TV. Alongo anali ataitana azimayi a mumpingo, mipando mpaka kubwereka.

Tsoka lake, makoswe anali atadula chingwe chochoka ku dishi ya TV ya padenga.

"Zazing'ono izi," anatero amuna awo, alamu anga a Banda. Anasenda chingwecho ndi mano, n'kupotera pamodzi zonse zimene anazipeza m'katimo, kenako anakulunga ndi malegeni, mphira ija timacheka ku chubu cha njinga.

Abale, chingwe cha dishi si chingwe cha mbuzi. Pakati pali kawaya kamodzi kamkuwa, kunja kuli timawaya tolukana ngati ukonde. Ziwirizi zikangokhudzana, chithunzi chathawa. Pamafunika kachitsulo kolumikizira, kaja kapezeka pamsika ku Katete. Umapinda timawayato m'mbuyo, kamkuwa n'kutulukira pakati pokha, n'kumanga bwino.

Ndinawauza. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira makolo.

"Alamu, malegeni anagwira chikuku cha ng'ombe, alephera kachingwe aka?"

Inde, ife anthu a malegeni! Khasu, paipi ya pa chitsime, katundu pa njinga, chitseko cha chimbudzi, zonse timamanga nawo. Ndipo amagwiradi, ndiye vuto lake. Poti anatithandiza dzulo, tikuyesa adzatithandiza paliponse. Ndani mwa ife angavomere pamaso pa alendo kuti ichi sindichidziwa?

TV inakana. Alamu anada mitambo, anada mphepo yochoka ku Mozambique, anadanso boma. Anakwera padenga n'kutembenuza dishi imene inalibe mlandu. Mfundo yawo ija sanaikhudze ngakhale pang'ono. Ine mtima unawawa, kuona alongo anga atakhala m'chitenje chawo chatsopano, maso pa galasi lakuda.

Azimayi anayamba kutsazika mmodzimmodzi. Ali pakhomo, foni ya alongo inalira. Anali Tiyanjane.

"Amama, mwandiona? Anandiika kutsogolo!"

Alongo anayang'ana amuna awo amene amatsika padenga.

"Takuona, mwana wanga. Unaoneka bwino kwambiri."

Alamu, bodza limenelo mulimanga ndi malegeni angati mwanayo akabwera kudzafunsa kuti anavala chiyani?