Jupita Kuseri kwa Thanki ya a MaNcube

Ndikukumbukira tchuthi china ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Atate anali ndi telesikopu yakale yomwe anapatsidwa fakitale yomwe ankagwirako ku Belmont itatsekedwa. Magetsi akazima kuno ku Cowdray Park, ankaiimika kuseri kwa nyumba, ine nditawanyamulira miyendo yake. Anandilonjeza kuti akapeza kagalasi kokulitsa kwambiri kamene kankasowa, woyamba kuona miyezi ya Jupita ndidzakhala ine.

Kagalasiko kanapezeka sabata yomwe Tamanda anabwera kuchokera ku Chipata. Anali mwana wa malemu akulu awo a atate, choncho mwa mwambo wathu nayenso ankawaitana kuti "Atate." Liwu limenelo linkandibaya. Chichewa chake chinali chosalala, pomwe changa chinkapunthwa n'kugwera m'Chindebele chimene timalankhula kuno, ndipo atate ankaseka naye kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo.

Tsikulo dzuwa litangolowa, Jupita anali atatsika kale, pafupi ndi thanki ya madzi ya a MaNcube oyandikana nafe.

"Mlendo ayambe," anatero atate.

"Koma munalonjeza!"

"Chikondi, mlendo ndi mame."

Tamanda anaika diso pagalasi. "Atate, timadontho tinayi! Tafola ngati ana asukulu!"

Jupita akathawa m'galasi, atate ankamubwezera, awiriwo akuseka. Ine ndinkangoyang'ana thanki ija, udzudzu ukundiluma m'miyendo. Nthawi yanga itakwana, Jupita anali atalowa kale kuseri kwa thankiyo, ndinaona mdima wa pulasitiki basi.

Pogona Tamanda ananong'ona, "Pepa, sisi. Iwe udzaona mawa ndi mkucha. Ine kwathu kulibe ondionetsa." Ndinatembenukira kukhoma.

Mawa lake ndinayamba ndine. Ndinawerenga, ndinabwerezanso, koma miyezi inali itatu yokha.

"Ngakhale miyezi yamukondera," ndinatero, misozi ili m'maso.

Atate anandigwira paphewa. "Wachinayi uli kuseri kwa Jupita, mwana wanga. Sunatayike. Ukuzungulirabe."

Pano ndili kusekondale ndipo telesikopu ija ndimaiimika ndekha. Ndinazindikira mochedwa kuti m'Chichewa cha Tamanda atate ankamva mawu a akulu awo, omwe sanathe kupita kukawaika m'manda. Sindinama, Tamanda akaimba foni kuchokera ku Chipata n'kunena kuti "Atate," mtima umandithinabe pang'ono. Koma atate akamaseka naye, ine nditabisika kuseri ngati mwezi wachinayi uja, sindithawiranso kukhoma. Ndimadikira, kenako ndimapempha foniyo n'kumuuza Tamanda kuti lero miyezi yaoneka ingati.