Zaka zimene ndinkatsala pa benchi

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito yanga pa Misa inali yopinda mawondo kuti anzanga adutse. Ikakwana nthawi yolandira Ukaristia, benchi lonse linkadzuka n'kundisiya ndekha ngati chitsa m'munda. Mlandu wanga unali umodzi. Amuna anga anali atamangapo kale ukwati wa mu tchalitchi, ndipo mkazi wawo woyambayo, ngakhale anawasiya kalekale n'kupita ku Mozambique, anali moyo. Ukwati wathu sukanadalitsidwa, choncho tonse awiri tinali oimitsidwa masakramenti.

Iwo sizinkawasowetsa tulo. Lamulungu ankakhala kudimba, amvekere Mulungu amawaona bwino akakhala pakati pa mbatatesi zawo. Ine ndiye zinkandipweteka. Tchalitchi chathu n'chaching'ono, chili kumtunda kwa Kaphuka, ndipo ansembe amabwera kamodzi pamwezi. Akati abwera, ndinkasesa, kuchapa nsalu za pa guwa, kuthyola maluwa. Ndinkayala tebulo limene sindinkadyapo. Amayi ena akamabwerera pamalo pawo, manja pachifuwa, maso pansi, ndinkawachitira nsanje, sindibisa. Ena mwa iwo ndinkazidziwa bwino ntchito zawo.

Chaka china amuna anga anadwala chifuwa m'nyengo yozizira, nkhungu itaphimba phiri, ana onse ali kutali ku ntchito. Ndinawadwazika ndekha. Zitafika povuta, akhristu a mumphakati mwathu anaitana ansembe. Ndinayala nsalu yoyera pa mpando, ndinayatsa kandulo, n'kutuluka panja kuti odwalawo alape. Nditalowanso ndinagwada pamphasa ndi kuwachirikiza mutu, ndipo ansembe anawaika Ukaristia pa lilime. Paja munthu akadwala mwakayakaya saletsedwa. Ndinawamwetsa madzi pang'ono kuti ameze.

Ansembe atapita, amuna anga anandiyang'ana n'kuseka ndi timphamvu timene tinawatsalira.

"Amayi, ndakupitirirani," anatero.

"Inuyo, amene simudziwa ndi khomo lomwe la tchalitchi," ndinawayankha. Ndinakwiya zenizeni, kwinaku misozi ili chuchuchu.

Anamwalira patapita masiku anayi.

Anthu a pa maliro atabalalika, akatekisiti anabwera kudzandizonda. "Amayi, tsopano palibe chokutchingani," anatero. "Mwezi wamawa mudzalape, muyambenso kulandira." Analankhula mokoma mtima, koma ndinangotsala pang'ono kuwapirikitsa ndi tsache. Ndiye kuti chotchinga chija anali bambo wa ana anga? Miyezi itatu ndinakhalabe pa benchi, ulendo uno mwadala.

Chimene chinandidzutsa si ulaliki ayi. M'nyumba munali zii. Masiku ena dzuwa linkachita kulowa ndisanalankhule ndi munthu, ndipo chakudya ndinkangochiyang'ana mpaka chizizire. Ndinaona ndekha kuti ndikutha. Lamulungu lina ndinalawirira, ndinakalapa, ndipo nthawi itakwana ndinaima nawo pa mzere ngati mwana wa Ukaristia woyamba.

"Thupi la Khristu," anatero ansembe.

"Amen," ndinayankha.

Kamkate kaja n'kopyapyala, kamasungunuka usanamve n'kukoma komwe. Zimenezi ndinali nditaiwala. Koma nditangomeza m'pamene ndinavomera chimene ndinakhala ndikuchikana ngakhale pa manda paja. Amuna anga akanakhala moyo, ansembe sakanandipatsa. Ndinalira mpaka kwaya inamaliza nyimbo, amayi amene ndinakhala nawo pafupi akundisisita pamsana poganiza kuti n'chimwemwe.

Ndinabwerera ndekha kudzera m'mitengo ya paini. Nditafika ndinakoleza moto, ndinaphika, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni iwo ndinadya mpaka kumaliza. Kenako ndinatsuka mbale yanga imodziyo n'kuivundikira pa thandala.