Chaka Chimene Agogo Anagayitsa Mbewu

Ndikakumbukira agogo Fausitino, bambo a mayi anga, ndimamva fungo la mwaye wa m'khitchini mwawo ku Ngauma, momwe chimanga cha makolo chinkalendewera kudenga, chomangidwa ndi makoko ake, chitada bii ndi utsi kuti anankafumbwe asachiboole. Mbewu imeneyo anathawa nayo nkhondo kupita ku Malawi, n'kubwerera nayo.

Zaka zimene mvula inkagwa bwino, fodya akugulidwa pamtengo wosangalatsa, kunabwera bungwe lakunja ndi magalimoto oyera, likugawa mbewu ya m'mapaketi ndi feteleza, amene kwathu timati adubu. Agogo anali munthu wokonda kutamidwa, ndiye atasankhidwa kukhala mlimi wachitsanzo n'kupatsidwa chipewa ndi njinga, ankayenda chifuwa patsogolo. Chimangacho chinabereka, sindinganame. Chaka chachitatu anatsitsa mbewu yawo yonse kudenga n'kukagayitsa, uku akuseka Abiti Saidi, mayi wamasiye woyandikana nafe, amene anakana kusiya yawo.

"Inu mayi, mudzafa ndi chimanga cha nthawi ya atsamunda," anatero agogo.

Kenako mvula inadula chimanga chikumasula, mtengo wa fodya unagwa, ndipo magalimoto aja sanaonekenso. Agogo anapalasa njinga mpaka ku Mandimba, n'kupeza ofesi yokhoma. Mlonda anawauza kuti kwawo kwa azungu a bungwe lija chuma chavuta, adzabwera zinthu zikadzakhala bwino.

"Zikadzakhala bwino kwa yani?" agogo ankafunsa aliyense wodutsa. "Tili okhuta ankatipatsa. Lero tili ndi njala, iwonso akuti avutika."

Mvula yoyamba itagwa, m'nyumba munalibe ngakhale njere yobzala. Ndinawaona agogo akulowa pabwalo la Abiti Saidi, akuvula chipewa chija, akukhala pansi pafumbi, munthu wa imvi. Mayiwo anatuluka ndi mbale yodzadza.

"Iyi ndi yobzala, bambo, si yakuchigayo."

Agogo analandira ndi manja awiri. Kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akuseka mokweza, ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Lero ndine mlangizi wa zaulimi ku Cuamba, ndipo amandilipira ndi bungwe linanso lakunja. Ndimagawa mapaketi omwewo, uku ndikunong'oneza alimi kuti asunge yawo, koma ambiri amangondiseka. Chaka chino mvula yavutanso. Sabata yatha abungwewo anatiitana ku ofesi kuti tibweze makiyi a njinga zamoto. Alimi anga alima kale mizere, akudikira mbewu, ndipo sindinawauze kuti sibwera.