Mpesa wa ku Kepi pa Mchenga wa Salima

Malume anga atabwerako ku Kepi, kutali kummwera uko, komwe ankagwira ntchito pa esiteti ya vinyo, anatsika sitima pa Salima ali ndi sutukesi ndi kamtengo ka mpesa kokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Kamtengoko anandipatsa ine, poti ndinali mphunzitsi, munthu wodziwa zinthu.

Anandifotokozeranso mbiri ya esitetiyo. Nyumba yake yoyera mbee, yakale kuposa boma lathuli. Mipesa anabzala ndi agogo awo a agogo a mwiniwake. Vinyo amagona m'migolo pansi pa nthaka, kozizira, ndipo amamwa ndi mafumu okhaokha. Ine vinyoyo ndinali ndisanamulawepo, koma pofika Loweruka mbiriyo ndinkaikamba kuposa malumewo.

Mpesawo ndinaubzala kuseri kwa nyumba ya sukulu, pamchenga wotentha uja. Unaphuka! Unakwera thandala, unakwera bafa, unafika padenga. Ndinalamula kuti aliyense asathothole ngakhale tsamba. A tcheyamani a chipani atabwera ndi makhadi awo, ndinawaimika padzuwa kuwaphunzitsa za esiteti yanga mpaka anatsanzika okha.

Zaka zinkapita, masamba okhaokha. Mphesa ng'o.

Tsiku lina mkazi wanga akusamba, njoka inagwa kuchokera m'masambamo. Pomwe ndinkaweruka kusukulu, ndinapeza atausadza ndi chikwanje, kwatsala chitsa ndi nthambi ziwiri.

"Mwapha mbiri, mayi inu!" ndinakuwa.

"Mbiriyo ikanandiluma, aphunzitsi," anatero osandiyang'ana n'komwe.

Ndinakwiya zoopsa. Ndinasiya kuwayankhula, ndiwo ndinkapempha kudzera mwa ana. Mkazi wangayo anapirira, anapirira, kenako anamanga katundu n'kupita kwa amayi awo kumtunda. Ine ndinati apite, abwera okha. Sanabwere. M'nyumba munazizira, ndipo ndinawasowa koopsa, koma pakamwa panga panali pouma.

Mvula itayandikira, chitsa chija chinatulutsa mphukira, pamphukirapo timatsango ta mphesa, toyamba chibzalire. Ndinathamangira kwa malume. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Kodi sindinakuuze? Kumene kuja timadulira chaka ndi chaka. Wosadulira subala."

Za nyumba yoyera anandiuza, za mafumu anandiuza, koma chimodzi chofunikacho anaiwala!

Mphesa zitapsa ndinathyola tsango lalikulu, n'kupalasa njinga kupita kwa apongozi, thukuta lili kamukamu. Ndinagwada pakhonde monga mkamwini, n'kupereka tsangolo ndi manja awiri. Mkazi wanga anabudula imodzi, anatafuna, nkhope inachita makwinya, analavula.

"Ndiye munandisandutsa mlendo m'nyumba mwanga chifukwa cha zowawasa zimenezi?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze zoti mphesa za vinyo zimatero. Mwamwayi ndinatsekanso.

"Ndabwera kudzakutengani, mayi," ndinatero.

"Ndamva. Kwerani njinga yanu, aphunzitsi. Nanenso ndikufuna ndikhaleko chete pang'ono."

Ndinabwerera kunyanja ndekha, pakaliyala palibe munthu.