Kampata ka mano apansi

Ndili mnyamata ndinali ndi kampata pakati pa mano awiri apansi, kongokwana kamtengo ka machesi. Anzanga ankandiseka nako, koma n'komwe kanandipezera mkazi. Ndikakanikiza lilime pamenepo pankatuluka mluzu wakuthwa woti ku Kabwata konse panalibe wina woutha. Bambo a mtsikana amene ndinkamufunayo anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka ndi anyamata, ndiye ndinkaima kuseri kwa mpanda n'kuliza kawiri. Mtsikanayo ankatuluka ndi ndowa ngati akupita kumpopi. Titakwatirana n'kusamukira ku Chelstone sindinasiye. Ndikatsika minibasi ndinkaliza ndisanafike pageti, kuti tiyi akhale pamoto.

Sindikudziwa chaka chimene kampatako kanatsekeka, poti mano sayenda ukuwaona. Ndinangozindikira kuti nyama yayamba kukanirira m'mano, kenako dzino lina linakwera pa linzake ngati anthu m'minibasi ya kumsika wa Soweto. Mluzu unasanduka mpweya ndi malovu. Nthawi imeneyo tinkangoseka, iye n'kumati ukalamba wandiyambira kukamwa.

Kenako mkazi wanga anayamba kuiwala. Anayamba ndi mchere m'ndiwo, anabwera pa mayina a ana, chaka chatha anafika pa ine. Amandipatsa ulemu wa mlendo. Dzuwa likapendeka amakhala pawindo, ndowa ili pamiyendo, kudikira mnyamata wake wa mluzu.

Ndinapita kwa dokotala wa mano m'tauni, mayi wa msinkhu wa mwana wanga. Atandiyang'ana m'kamwa anati, "Ba tate, aya si matenda. Munthu akamakula mano ya pansi yamasendela kutsogolo, yapanikizana. Ni vamene vimachitika." Ndinamupempha kuti anditsegulire kampatako, ngakhale ndi tupa. Anakana, akuti sangawononge mano abwinobwino. Ndinatuluka nawo mano anga abwinobwinowo, ndipo m'minibasi ndinalira osasamala za anthu.

Ndayesa kuliza ndi zala, ndayesa ndi milomo, koma mkazi wanga satembenuka n'komwe. Zonse anaiwala, mluzu wokhawo amaudziwa. Ndataya mtima, komabe dzulo ndinakaimanso pageti, nkhalamba ndi imvi zanga, n'kuuzira mpaka chizungulire. Anatsegula windo, mtima wanga n'kugunda ngati kale.

"Ba mdala," anatero mwaulemu, "sendelaniko pang'ono. Akabwela sazaniona."

Ndinasendera.