Tsiku Limene Sola Yanga Inaluma Munthu

Pamene anandisamutsa ku Ntengo-Wambalame kuti ndidzaphunzitse ku Furancungo, ndinabwera ndi mapainelo anga awiri a sola pa shapa, minibasi ya kuno, nditawakulunga m'bulangete ngati makanda. Nyumba ya kuno inali ndi magetsi kale, koma ankathima pafupipafupi, ndiye sola yanga sinapume.

Akathima, ndinkalumikiza sola ku soketi ya pakhoma, nyumba yonse n'kuyaka. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndiziyamba ndatsitsa chotsekera chachikulu cha pamita. Tsiku lina ndinaiwala, ndipo ndinangomva wailesi ya amayi amasiye a nyumba yoyandikana nane ikuimba. Magetsi anga anali atatuluka, kuyenda pawaya mpaka kwawo. Ndinakondwa kwabasi. Kwathu moto sitimanana, ukasonkha mnansi amabwera kudzapala. Kuyambira pamenepo chotsekera chija ndinkachisiya dala osatsitsa, n'kumadziona ngati munthu wabwino woposa onse.

Loweruka lina masana, a magetsi anathimitsa dera lathu kuti akonze waya. Ine, wachifundo uja, ndinalumikiza. Posakhalitsa ndinamva mfuu kumsewu. Munthu wa magetsi anali lende pa lamba wake pamwamba pa mtengo wa magetsi, akukupiza dzanja.

Atatsika anayenda khomo ndi khomo mpaka anaona mapainelo padenga langa.

"Aprofesori, ndinu mwandiluma?" anatero, akundionetsa chala chotuluka thuza. "Ine ndazimitsa kumtunda uko, ndakwera mtima uli m'malo. Ndikanagwira ndi manja onse, bwenzi pano mukukumba manda. Ana anayi ndili nawo ine, senyoro."

Manyazi anandigwira. Ndinayankha monong'ona kuti ndimangogawirako amayi aja.

"Chifundo chinapha nkhwali," anatero. "Lero chikanapha ine."

Ndinkaganiza kuti andizulira mapainelo, koma sanatero. Anati lamulo lilipo: sola siyenera kukumana ndi magetsi a pamtengo popanda chilolezo. Lolemba ndinapita ku ofesi yawo, ndinadikira pabenchi m'mawa wonse, n'kusaina mapepala. Kenako munthu yemwe ndinamuluma uja anabwera kudzandiikira chotsekera cha mbali ziwiri. Ukakankhira uku ndi magetsi awo, ukakankhira uko ndi anga.

Amayi aja tsopano ndimawapititsira kabateriya pamanja, ndipo wailesi yawo ikuimbabe. Amati bola chonchi, chifukwa ndimakhalako pang'ono n'kucheza nawo. Munthu wa magetsi uja akamadutsa pa njinga yamoto amaima pakhomo, n'kundiimikira chala chija uku akuseka. Abale akanditumizira kachewere wa kumudzi, ndimamutapirako.

Mwana wake wamkazi ali m'kalasi mwanga chaka chino. Ndikaitana dzina lake m'mawa, iye n'kuyankha kuti "presente", ndimathokoza Mulungu chamumtima kuti ali ndi bambo ake.