Bulugamu wa pa Kasupe

Esinati anawaona koyamba a Fabiao m'zaka za nkhondo ya ku Mozambiki, atakhala pamwala m'njira ya kwa Nthache, thumba la makala lili pambali. Iye anali atasenza mtsuko kuchokera kumtsinje, mtunda wothyola khosi. Mlendoyo anapempha madzi, namwa theka la mtsuko, nathokoza m'Chipwitikizi.

"Obrigado, achemwali."

"Obrigado samweka," anatero Esinati. "Mukatunge ena."

Anakwatirana chaka chotsatira, koma mtunda wa kumadzi sunafupike. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kasupe wa makolo, amene anaphwa anthu atabzala bulugamu kumutu kwake. Anabzala ndi mtima wabwino, atamva kuti mitengo imasunga madzi. Panalibe wowauza kuti bulugamu amawasunga m'mimba mwake.

A Fabiao anakumba pansi pa mitengoyo, napeza fumbi lokhalokha. M'mawa mwake ananola nkhwangwa, nagwetsa bulugamu yense.

"Wamakala sasintha," anthu anatero. Mateyu, mlongo wake wa Esinati, amene anabzala nawo mitengoyo, anasiya kuwapatsa moni alamu ake.

Mvula itagwa, zitsa zinaphukanso. A Fabiao anazisadza ndi kuzisenda makungwa zaka zitatu, mpaka zinagonja. M'malo mwake anabzala mkuyu ndi katope, nasiya udzu kuti uzigwira madzi a mvula asanathamangire kuchigwa. Masika aliwonse ankalambula mozungulira nkhalangoyo, kuti moto wa osaka mbewa ukafika uime. Esinati ankapitabe kumtsinje, nkhata ikumudya tsitsi la paliwombo. Sanadandaule, komanso sanayamikire.

Chilimwe chachisanu ndi chimodzi, dothi la pakasupe linada ndi chinyontho. Chotsatira chake, madzi anadzaza mtsuko. Mateyu anafika ndi ndowa ziwiri.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ndinadzuka kalekale," anatero a Fabiao. "Tungani."

A Fabiao atakalamba, maso awo anachita mdima, ndipo ankangokhala pakhonde. Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, Esinati, nayenso ali pandodo, anatsikira kukasupe ndi kachigubu, nabwerako fodya wa amuna ake asanazime. A Fabiao anamwa, napukuta pakamwa.

"Amayi, madzi a mumtsuko aja ndinabweza?"

Esinati anasuzumira m'chigubumo.

"Munabweza. Koma mwamwanso theka."